Foni ya mtsinje inapita kwa alamu anga

Ndinaphunzira za mapu ku koleji chaka chimodzi ndi theka. Thekalo musamalisiye, ndinalivutikira. Choncho bungwe lina litabwera kwathu kudzafuna munthu mmodzi woyang'anira mtsinje wa Lisungwi, ndinasita malaya ndisanaitanidwe.

Ntchito yake inali kuyenda m'mbali mwa mtsinje ndi foni ya bungwelo, kujambula zomera za m'madzi, n'kudina malo ake pa mapu. Akuti namasupuni ndi ndere zikachuluka, ndiye kuti madziwo alowa feteleza kapena zonyansa. Foniyo inali ndi kathumba kake kosalowa madzi ndi chingwe chokolekera m'khosi. Nditangoiona, khosi langa linayamba kuyabwa.

Oifuna tinalipo awiri: ine ndi alamu anga, akazi awo a achimwene, amene sukulu anailekezera ku pulayimale. Mayi wina wa bungwelo anatipatsa tsiku limodzi aliyense loyesera.

"Alamu, musachite manyazi, bwerani ndikuonetseni podina," ndinatero mwachifundo.

"Inu yambani mwaonetsa mapazi anuwo njira ya kumtsinje," anandiyankha akumangitsa chitenje.

Tsiku lawo, iwo analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kubwerako ndi matope mpaka m'makutu. Tsiku langa, ine ndinagwiritsa ntchito sayansi. Ndinakhala pa benchi la pagolosale, n'kutsegula chithunzi cha mtsinje chojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kumadina paliponse pobiriwira kwambiri. Chakumunsi ndinapeza chigamba chachikulu, chobiriwira mochititsa mantha. Ndinalemba kuti: namasupuni woopsa, azulidwe msanga.

M'mawa mwake mayi wa bungwe uja anati atatufe tikaone malo oopsawo. Tikuyenda, njirayo inayamba kuoneka ngati ndinaidutsapo ndili mwana. Titafika pamene foni inaloza, tinapeza amayi anga atawerama ndi khasu m'dimba lawo la mbatata.

Alamu anathyola tsamba la kholowa n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Namasupuni wanu uja ndi ameneyu, aphunzitsi. Munadya dzulo wotendera, mpaka munapempha wina."

Amayi anaweramuka n'kundiyang'anitsitsa. "Kodi iwe, wabwera kudzalima kapena wasochera?"

Mayi wa bungweyo sanaseke. Anangotembenuka n'kuyamba kutsokomola nthawi yaitali.

Foni inapita kwa alamu. Masiku ano amadutsa nayo pakhomo panga itapachikika m'khosi, anthu n'kumawaimitsa kuwafunsa ngati madzi ali bwino, ngati kuti mtsinjewo anaubereka ndi iwo. Sindichita nsanje ayi. Ndimangoona kuti amadina ndi chala cholozera, mwamphamvu, ngati akupha nsikidzi, ndipo mtima wanga umawawa chifukwa cha foniyo basi.

Pa mapu a bungwelo, dimba la amayi lidakali ndi kadontho kofiira. Ndawapempha alamu kawiri kuti akafufute. Akukana. Akuti ndi tsiku lokhalo limene ndinapeza ndekha njira ya kudimba.