Lilime la Achimwene M'mwezi wa Ramadani

Udokotala wanga unayamba chaka chomwe ndinasiya koleji. Kumeneko ndinkaphunzira zoyeza malo, koma kwathu ku Nsanama munthu amene anagonako ku koleji amadziwa zonse, kuyambira wailesi mpaka chiwindi. Choncho achimwene, akulu anga ogulitsa matemba a ku Chiuta, atandiitanira kuseri kwa nyumba n'kutulutsa lilime, ndinaliyang'ana ndi ulemu wonse. Linali loyera mbee, ngati wina wapakapo chambiko n'kuiwala kupukuta. M'masaya namonso.

"Waona? Usawauze alamu ako."

"Pitani kuchipatala, achimwene."

"Iyayi. Kumeneko sayang'ana lilime lokha. Amafuna magazi."

Tonse awiri tinkadziwa chomwe magaziwo akananena, ndiye tinangoyang'ana nkhuku zomwe zinkadutsa.

Unali mwezi wa Ramadani, ndipo matendawo anapeza pobisala pabwino. Munthu wosadya masana, wouma milomo, woonda: mudzi wonse unali choncho. Kumzikiti ankawayamikira kuti chaka chino afunga, asala kudya ndi mtima wonse.

Chipatala changa chinkatsegulidwa dzuwa likalowa, chifukwa masana achimwene sankalola ngakhale dontho mkamwa. Tinayamba ndi madzi ofunda a mchere, kuchukucha n'kulavula. Kenako soda wa alamu wophikira therere, yemwe ndinkatapa mwakabisira. Kenako uchi. Kenako adyo wosinja, amene anawagwetsa misozi osachiritsa kanthu. Tsiku lina ndinakulunga kansalu kuchala n'kupala zoyerazo. Zinachoka, pansi pake panatsala pofiira potuluka magazi, ndipo m'mawa zinabwerera zonse pamodzi ndi abale awo. Mankhwala apepo aja a jivi anawakaniratu. Ati munthu wa pakamwa pa mtundu umenewo, pamsika angamugule ndani nsomba?

Nthawi ya futali, chakudya chomasulira kusala dzuwa likalowa, ankatenga mbale yawo kukadyera kuseri, ati m'nyumba mukutentha. Ankameza pang'ono nkhope itakwinyika, zotsalazo ndinkamaliza ine. Mwezi umenewo m'Machinga monse amene ananenepa ndine ndekha. Chisoni sindinkachimva, mantha ayi. Ndinkangotsuka kapu, kusungunula mchere, kudikira mawa.

Ndiye mwezi unaoneka. Tsiku la Idi alamu anaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi, tinakhala pamkeka dzuwa lili pamutu, abale onse, kuseri kothawira kulibe. Achimwene anatapa mpunga n'kuika mkamwa. Anatafuna, anatafuna. Sunatsike.

Alamu anawayang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Adokotala, soda wanga munamaliza. Nanga wodwala wanuyo wachira?"

"Tikuonabe mmene thupi likuyankhira, alamu."

"Mukuonabe eti." Anasendera kwa amuna awo n'kutsitsa mawu, koma ine ndinali pafupi. "Inu, ine ndinapita kale ndekha kukayezetsa magazi, Ramadani isanayambe. Mankhwala anga ali m'thumba la ufa, ndimamwa tsiku ndi tsiku. Ndimangodikira kuti mutsirize kufunga kwanuko. Mawa mukwera njinga."

Achimwene anatembenuka n'kulavulira mpunga uja m'manja. Amalume, omwe sanamve kalikonse, anapempha kuti awaonjezere msuzi.

M'mawa mwake ndinawakweza pakaliyala. Pachitunda pomwe ndimatsika n'kukankha ndikanyamula thumba la chimanga, tsiku limenelo sindinatsike. Titafika pamzere wa kuchipatala anandiuza kuti ndidikire panja. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango, kulondera njinga.