Mfundo ya pa Mapiko

Chaka chimene chimanga chinapserera m'munda ku Katete, amuna anga a Banda anati, "Amake Esinati, mangani katundu, ku Ndola kuli ntchito." Sindinatsutse, mwana anali atayamba kuonda.

Tinapeza kachipinda ku Masala. Miyezi yoyamba ndinkangokhala chete, pakuti anansi onse ankayankhula Chibemba. Ndinkatuma Esinati kukagula tomato kuti asandiseke. Makalata akumudzi ankabwera ndi basi, ndipo iliyonse inkapempha sopo ndi feteleza. Tinkatumiza, ngakhale ife tikudyera tinsomba ta kapenta sabata yonse.

A Banda ankakonza ndege pa kalabu ya akuluakulu a migodi. Imene ankaikonda inali yakalekale, ya mapiko awiri osanjikizana, yophunzitsira asilikali. Mapiko ake anali a matabwa okutidwa ndi nsalu. Inali ndi mabuku atatu a malangizo, akuda ndi girisi, ndipo m'mphepete mwa masamba iwo ankalembamo Chinyanja ndi pensulo.

Nsalu ija itatha, anabwera ndi buku limodzi kunyumba. Chingerezi sindichidziwa, koma chithunzi cha mfundo yosokera ndinachimva msanga.

"Ineyo ndalephera masiku atatu, inu mwangoyang'ana kamodzi?" anatero.

"Nanga zigamba za pa buluku lanu amasoka ndani?"

Ndinasoka mapiko onse. Tsiku limene inauluka ndinagwira pamtima mpaka inatera.

Migodi itagulitsidwa, kalabu inatsekedwa, ndege anaikankhira m'shedi. A Banda anatenga mabuku aja kuti asaonongeke. Anadwala chifuwa, ndipo tinawaika ku Ndola komweko. Abale awo anatenga wailesi, bedi ndi njinga. Mabuku anawasiya pansi.

Ndinabwerera kwathu nawo m'sutukesi. Abale anga anandilandira bwino, anandipatsa munda, koma ankanditcha a ku Kopala, dera la migodi lija. Ndikayamba nkhani ya ndege, mng'ono wanga ankaseka. "Akulu, ndege yosoka ngati diresi? Tipatseni mapepalawo tikulungire zitumbuwa."

Kenaka kunabwera kalata ya a Mwansa, mnzawo wa a Banda pa ntchito. Anati ena akufuna kuidzutsa ndege ija, koma popanda mabuku sangaigwire. Sindinayankhe. Zolemba za amuna anga zinali mmenemo mokha.

Mvula itayamba ndinatsegula sutukesi. Chiswe chinali chitalowa pansi, chitadya kale chikuto cha buku limodzi. Kuno kwathu kunali malo anga ndi khasu langa, koma a Banda a m'mabuku aja analibe wowadziwa, ndipo dothi linali litayamba kuwadya kachiwiri.

Mabukuwo ndinawakulunga m'chitenje changa cha Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, n'kusoka ndi mfundo ya pa mapiko ija. Nditampatsa phukusilo, kondakitala wa basi ya ku Ndola anafunsa ngati ndiikepo kalata.

"Ayi," ndinatero. "A Mwansa akaona msoko adziwa."