Arnfinn Ankasiya Ntchito Dzuwa Likapita

Ku Hammerfest, Arnfinn Mikalsen ankadziwika kuti ndi munthu waluso koma wosakhazikika. Anatumbulapo nsomba kufakitale ya padoko, anayendetsapo basi, anawotchererapo zitsulo. Kulikonse ankamukonda, ndipo kulikonse ankachoka yekha, popanda womuthamangitsa.

Zinkamuyamba dzuwa likatsanzika mu Novembala, pakuti m'tauni ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi imeneyi dzuwa limatha miyezi iwiri osatuluka. Ankagona kwambiri koma tulo osamukwana, n'kumangolakalaka buledi ndi zotsekemera. Kuseka kwa anzake kuntchito kunkamunyansa. Kunyumba ankasuntha mipando n'kuibwezeranso, kuvala jekete, kufika pakhomo, kuvulanso. Zikafika apo ankati vuto ndi bwana, n'kusiya ntchito. Chaka china anasiya ndi chibwenzi chomwe, mkazi amene sanamulakwire kanthu. Pomwe mtima unkakhala m'malo, mkaziyo anali atasamukira kutauni ina, ku Alta.

Tsiku lina masana, kunja kuli bii, anatulukira kwa mlongo wake Torhild, nsapato zili chipale chofewa chokhachokha, madzi oundana aja ogwa ngati ufa m'nyengo yozizira.

"Ndikugulitsa nyumba. Ndikupita ku Oslo."

"Vula kaye nsapatozo, wandinyowetsera pansi," anatero Torhild uku akuthira khofi. "Ku Oslo kukatani?"

"Tauni ino yandikwana."

"Nanga mu Juni sinakukwane bwanji? Si iwe unkapenta nyumba yomweyo ukuimba ngati chidakwa? Tandiuza, unayamba wasiyapo ntchito dzuwa likuwala?"

Arnfinn anayasama kuti amutsutse, koma chaka choti atchule chinasowa. Anatuluka khofi osamwa, n'kumangozungulira padoko mpaka zala zinachita dzanzi.

Kuchipatala anapita mochita kudzikoka. Dokotala sanadabwe. Anati ndi matenda a maganizo obwera ndi nyengo ya mdima, ndipo si iye yekha m'tauniyo amene amamugwira. Anamuuza kuti m'mawa uliwonse azikhala pafupi ndi nyale yowala kwambiri, masana aziyenda panja kumwamba kukayerako pang'ono, komanso azibwera kudzafotokoza mmene akumvera.

"Ndipo zogulitsa nyumbazo udikire dzuwa libwere," anawonjezera Torhild atamva. "Likadzatuluka ukufunabe, ndidzakuthandiza kulongedza ndine."

Dzuwa linabwera kumapeto kwa Januwale, nyumba sinagulitsidwe.

Kuchira kwenikweni sanachire. Masiku ena nyale imayaka iye ali chigonere, ndipo chaka chatha dokotala anachita kumuwonjezera mankhwala. Koma ntchito yoyendetsa galimoto yokankha chipale m'misewu waigwiritsitsa, anthu mpaka aleka kumufunsa kuti achoka liti.

Masana amayenda ndi kagulu ka odwala anzake, kukwera kaphiri ka kuseri kwa tauni. Iye amakhala patsogolo nthawi zonse, manja m'matumba, miyendo ili chamchamcham pachipale, osacheuka. Mayi wina wokalamba m'gululo, Oddny, amamukuwira ali wefuwefu:

"Iwe Arnfinn, tikuthawa ndani kodi?"

Amaima, n'kumapondaponda pamalo amodzi mpaka onse amupeze.