Tsiku limene a Sagindik ananena kuti ndilibe

Mu mzere wa zitsulo, pa msika waukulu wa ku Almaty, munthu akafunsa bawuti timamulozera ndevu. Timati pitani uko, mukaona ndevu zapamlomo zopindikira m'mwamba ngati nyanga za nkhosa, mwini wake ali kuseri kwa ndevuzo. Amenewo ndiwo a Sagindik.

Anayamba ntchito ku fakitale ya makina tsitsi likadalipo. Fakitale itatsekedwa, anzawo anatuluka ndi makalata owayamikira, iwo anatuluka ndi ndowa ziwiri za mabawuti, ndipo mpaka lero amati anachita kupatsidwa. Zaka makumi atatu akhala m'kontena yawo, pakati pa zitini za tiyi zodzaza manati ndi mawashala. Choyezera sachifuna. Bawuti amaigwira ndi zala ziwiri, kutsinzina ngati akupemphera, n'kutchula saizi yake.

Kalekale, atakhuta tiyi, anadzitchera okha msampha. Anauza Mayi Gulbahar, ogulitsa samusa moyang'anana nawo, kuti, "Tsiku limene ndidzauze kasitomala kuti ndilibe, mudzandimete ndevuzi ndi manja anu." Mayi Gulbahar sanaseke. Anakagula lumo, n'kulipachika pamsomali pamwamba pa mbaula, ndipo chaka ndi chaka amalinola a Sagindik akuona.

Mwana wamkazi wa a Sagindik, Moldir, ndi dokotala wa mano, munthu wamkulu wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Koma Loweruka likafika amavala zikopa thupi lonse, kukwera phiri, n'kutsika msewu wa tala ataima pa thabwa la mateyala anayi. Buleki palibe, chiwongolero palibe.

"Ndinakuphunzitsa kuti uzizula mano a ena," ankatero a Sagindik, "osati uzikasiya ako pamsewu."

Komabe chimene chinkawawawa kwenikweni si mano ayi. Moldir mabawuti a thabwa lake ankaitanitsa kunja pa positi. Mwana wa wogulitsa mabawuti! Zili ngati mwana wa Mayi Gulbahar azikadya samusa kwa eni.

Ndiye Lachisanu lina masana, a Sagindik anangoona thabwa lagonekedwa pa kauntala chagada.

"Ababa, Lamlungu kuli mpikisano, ndipo katundu wanga sanafike."

Anawafotokozera. Pakati pa thabwa ndi zitsulo ziwiri zogwira mateyala anaikapo mphira wochindikala, kuti mateyala asamakhule thabwa pokhota. Tsopano mabawuti akale afupika. Ankafuna asanu ndi atatu otalikirapo.

"Koma olowa manati angawa," anatero. "Awa ndimawakhulupirira, ena ayi."

A Sagindik anapotokola ndevu, n'kukweza mawu kuti mzere wonse umve. "Mayi Gulbahar! Taonani, positi yagonja. Mbuzi yabwerera kukhola."

"Gulitsani kaye, madala," anayankha mayiwo akutembenuza samusa. "Kudzitama n'kwa pambuyo."

Anatola bawuti imodzi yakale, kuigwira, kutsinzina. Anachedwa kutsegula maso. Mazinga ake, timizere tozungulira tolowera nati, anali a mainchi, opimidwa mwa anthu a kutsidya kwa nyanja. M'zitini zawo zonse munali za mamilimita zokhazokha.

Komatu bawuti ya mamilimita asanu ndi iyi ya mainchi zimafanana ngati mapasa. Anatenga yawo, naikapo nati ya Moldir. Inazungulira kamodzi, kawiri, katatu, kenako inalimba.

"Yalowa!" anatero Moldir. "Kulimbako ndi kapulasitiki kam'katimo kakugwira. Tengani sipanala mumange."

Aliyense akanaganiza chomwecho, chifukwa manati amenewa ali ndi kamkombero ka pulasitiki kowaletsa kumasuka, ndipo amalimbadi akafika pamenepo. Koma zala za a Sagindik zinkadziwa kuti bawuti inali isanafike n'komwe pa pulasitikipo. Anali mazinga akudyana okhaokha. Ndi sipanala ikanalowa ndithu, n'kuoneka bwinobwino. Ikanagwira pa kauntala, ikanagwira pa basi. Kumene sankadziwa ndi paphiri paja, thabwa likunjenjemera pa liwiro la galimoto.

Anayang'ana kutsidya. Mayi Gulbahar anali atasiya samusa, manja m'chiuno. Lumo linali phee pamsomali, likung'anima. Akanangomanga ndi sipanala, palibe akanadziwa, ngakhale Moldir amene. Anasisita ndevu kumanja, anasisita kumanzere. Kenako anayang'ana mwana wawo, akumwetulira ndi mano ake onse makumi atatu ndi awiri.

"Ndilibe," ananong'ona.

"Mwati chiyani, madala?" anakuwa Mayi Gulbahar. "Mafuta akulira kuno, sindikumva!"

"Ndati ndilibe! Mwagontha kodi?"

Wogulitsa mapaipi anagwetsa paipi. Wina anathamanga kukaitana a mzere wa utoto kuti asaphonye.

A Sagindik sanayang'ane munthu. Anakankhira pambali manati a Moldir, n'kuyamba kutsitsa zitini.

"Tamvera iwe. Bawuti ndi nati ndi banja, zimachokera m'chitini chimodzi. Sukakamiza ndi sipanala."

"Ababa, za banja musayambe."

"Ndikunena zitsulo ine. Wadzimva wekha."

Anasankha mabawuti asanu ndi atatu a mamilimita, achitsulo cholimba, a mutu wafulati kunsi kuti usamire m'thabwa, iliyonse ndi washala wake. Anayesa m'mabowo, analowa bwino. Utali anapima ndi chikhadabo: mazinga awiri atulukire kuseri kwa pulasitiki, basi, osapitirira, kuti asakole kanthu pamsewu. Manati anapereka atsopano, a kapulasitiki omwewo. Anamanga okha, modumphadumpha, uku kenako uko, mpaka thukuta kudontha pa ndevu zimene zinali kutsanzika.

Moldir anayesa kuwapulumutsa. "Mayi Gulbahar, komatu andipatsa. Thabwa lamangidwa ili."

"Mwana wanga, iwe unafunsa olowa manati ako, iwo anati alibe. Mzere wonse wamva, mpaka nkhunda zamva. Bweretsani mpando!"

Anawameta pakati pa njira, ndi madzi otentha a m'ketulo. Zimene zinatuluka pansi pa ndevuzo sitinkaziyembekezera: kamlomo kakang'ono, kotuwa ngati ufa wokanda, ka munthu wamanyazi. Atafika kunyumba, akuti akazi awo anatsegula chitseko, n'kufunsa kuti mukufuna ndani.

Lamlungu m'mawa, munthu amene sanapiteko n'kamodzi komwe kukaonera zopusazo anapezeka ataima kumunsi kwa phiri, pafupi ndi mitolo ya udzu imene amatchingira m'makona. Mphepo yozizira inkawaluma pakamlomo paja, iwo n'kumaphimba ndi chipewa. Sipanala inali m'thumba la jekete.

Opikisana anatsika anayi pamodzi, atawerama, manja kumbuyo ngati akaidi. Pa kona yomaliza wina analowa m'udzu miyendo m'mwamba. A Sagindik anatsinzina, osati poyeza bawuti ulendo uno. Potsegula maso, Moldir anali atadutsa mzere, wachitatu.

Anawapitirira bambo ake osawazindikira. Iwo sanakwiye. Anamulanda thabwa, kuligadabuza, n'kuyesa nati iliyonse ndi sipanala. Palibe inasuntha ngakhale pang'ono.

"Ababa! Ndinu? Simundifunsa n'komwe ngati ndili bwino?"

"Tayasamula." Anasuzumira m'kamwamo. "Onse alipo. Iwe wakhala wachitatu, koma mabawuti anga akhala oyamba."

Masiku ano anthu ofuna bawuti amasochera mu mzere wathu, poti cholozera chinapita. Timangowauza kuti fufuzani pamene paima anthu akuluakulu onyamula matabwa ngati ana. Ndevu zayamba kumera, zikuoneka ngati burashi yotsukira mapoto. Lumo linabwerera pamsomali pake, ndipo aliyense wobwera ndi chitsulo chachilendo Mayi Gulbahar amamuperekeza okha mpaka pa kontena. Chimene sadziwa n'chakuti pansi pa kauntala pali chitini chatsopano, chodzaza mabawuti a mainchi. Anaitanitsa ndi Moldir, pa positi.