Chaka Chimene Anthu Achitsulo Anabwerera

Pa pulazi ya fodya imene ndinkagwirapo ntchito, pafupi ndi tauni ya Concession, ife a m'komboni tinali ndi tivi imodzi yokha. Inkakhala m'sitolo, pamwamba pa firiji. Loweruka lililonse, dzuwa lisanalowe, inkaonetsa sewero la anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi, lomwe linatha zaka zambiri likuonetsedwa.

Bambo anga ankalikonda kwambiri. Anachoka ku Malawi ali mnyamata ndipo anakalambira m'zigafa za fodya. Chingerezi sankachimva, choncho ine ndinkakhala pambali pawo n'kumawamasulira. Adani oopsa m'sewerolo anali anthu achitsulo opanda nkhope, olankhula ngati munthu ali mu mgolo. Tsiku limene anawotchedwa onse, bambo anavula chipewa n'kuvina, sitolo yonse kufa nako kuseka.

Patapita zaka zingapo, mutu wa bambo unayamba kusokonekera. Nthawi zina ankanditchula dzina la mlongo wawo amene anatsala kumudzi. Koma Loweruka sankaliiwala.

Tsiku lina tikuonera, chitseko cha chombo chija chinatseguka, ndipo anthu achitsulo analowa ali pa mzere. Anthu m'sitolomo anakuwa mosangalala. Bambo anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, si aja tinawaotcha aja?"

"Ndi omwewo, ababa. Akuti ena anabisala pansi pa nthaka."

"Ndiye kuti ali pansi pathu pano?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo anakana kudutsa pomwe panaunjikidwa mapaipi othirira. Ataona mwamuna wowotcherera zitsulo atavala chophimba nkhope, anathawira m'munda wa chimanga, ndipo tinawapeza madzulo atakhala pansi, miyendo ili zilonda zokhazokha.

Ndinapempha wogulitsa m'sitolo kuti azithimitsa tivi nthawi ya sewerolo. Anandiyankha m'Chishona kuti anthu amabwera kudzaonera, iye sangawathamangitse. Ndinapita kwa aphunzitsi a sukulu ya pa pulazi kuti andithandize kulemba kalata kwa eni sewerolo.

"Mai, limeneli linajambulidwa kutsidya kwa nyanja kalekale," anatero. "Akasowa nkhani yatsopano amafukula adani akale, chifukwa ndi amene anthu amawafuna. Kalata yanu ikawerengedwa ndi ndani?"

Ndinayesa kuwasunga bambo kunyumba Loweruka. Analira ngati mwana, amvekere, "Ndikapanda kuona, ndidziwa bwanji pamene afika?" Ndinawatenganso. Ndinayamba kumasulira zabodza, kunena kuti anthu achitsulowo abwera kudzapepesa. Bambo anayang'ana tivi, munthu akugwa atawomberedwa, kenako anayang'ana ine.

"Nawenso akugula," anatero motsitsa mawu.

Mawu amenewo anandipweteka kuposa zonse. Sanalandirenso chakudya kuchokera m'manja mwanga. Ankadya chokhacho chimene wawapatsa mkazi wa nyumba yoyandikana nafe. Ine ndinkaphika, n'kukapereka mbale kuseri, iye n'kubwera nayo pakhomo.

Anamwalira mvula itayamba, sewerolo likadali pakati. Patapita milungu itatu, anzanga a kosankhira fodya anandiuza kuti anthu achitsulo agonjetsedwanso. Ndinangogwedeza mutu n'kupitiriza kusankha masamba.