Kolorini wa dzanja limodzi

Tili Fomu 3 pasukulu yoyendera kufupi ndi Hara, tinalandira aphunzitsi a kemisitiri ochokera kumwera. Valensi ankaitchula kuti manja. Ankati sodiyamu ali ndi dzanja limodzi, kashiyamu awiri, aluminiyamu atatu, ndipo polemba fomula pasatsale dzanja lopanda linzake.

M'kalasi mwathu munali mtsikana amene ng'ona inamudula mkono wamanzere ali wamng'ono, akuchapa kumtsinje. Ankakhala kumbuyo, atavala juzi ngakhale kutenthe bwanji.

Tsiku lina aphunzitsiwo anamuloza ndi choko.

"Iwe wakumbuyo, bwera kuno. Vula juziyo."

"Sala, ndikumva kuzizira."

"Ku Karonga kuno? Vula!"

Anavula. Kachitsa ka mkono kaja kanaonekera pakamwa pa mkono wa bulauzi.

"Uyu ndi kolorini, valensi yake imodzi," anatero aphunzitsi. "Ng'ona inatikonzera kale chophunzitsira."

Kenako anandiitana ine kuti ndikhale kashiyamu, nandiuza kuti ndimugwire. Dzanja lake linali lonyowa ndi thukuta.

"Kashiyamu watsala ndi dzanja lina. Tikufuna chiyani?"

"Kolorini wina!" anakuwa anyamata.

"Alipo wina wolumidwa ndi ng'ona muno?"

Poti panalibe, anakoka mnyamata wa kutsogolo, namumanga mkono kumsana ndi tayi wawo. Tinaima atatu titagwirana, iwo akulemba CaCl₂ pabolodi mosafulumira, akufotokoza chifukwa chake 2 amakhala m'munsi. Mtsikana uja misozi inayamba kutsika, koma analibe chopukutira, dzanja lake lili m'dzanja langa.

"Musadabwe," anatero aphunzitsi. "Kolorini amakhetsa misozi."

Dzinalo linamukakamira. Ngakhale ana a Fomu 1 ankamukuwiza pamjigo kuti Kolorini.

Bambo ake anabwera kudzadandaula, matope a kumunda wa mpunga ali m'miyendo. Ahedi anawasiya chiimire pakhonde, nawauza kuti kalasi yonse yakhoza bwino mayeso a mafomula, ndiye vuto lili pati? Bamboyo anayesa kuyankha m'Chichewa, mawu anawathera, anamaliza m'Chitumbuka. Aphunzitsi a kemisitiri aja, amene anali pomwepo, anati sakumva, abwerenso ndi womasulira.

Sanabwerenso, ndipo mwana wawo sanaonekenso kusukulu. Anamutumiza kwa azakhali ake ku Songwe kukathandiza kugulitsa mpunga. Teremu isanathe tinamva kuti amukwatitsa kwa dalaivala wina wachikulire, ngati mkazi wachitatu.