Aphunzitsi ndi Mlalang'amba Wofiira

Aphunzitsi opuma a nyumba ya pakona amakonda milalang'amba, magulu aakulu a nyenyezi aja, moti zithunzi zake zadzaza khoma la pabalaza. Mlendo sachoka asanamve kuti mlalang'amba ukamalemera umabala nyenyezi zambiri, koma ikuluikulu kwambiri imasiya kubala n'kufiira.

Mwana wawo wotsiriza atakwatiwa n'kusamuka, aphunzitsiwo anapeza akazi awo ali ndwii, akuyang'ana chithunzi cha mlalang'amba wofiira.

"Ndiye wofiirawu ndine, bambo? Ntchito yatha?"

Aphunzitsi anakhala pansi n'kuwagwira dzanja.

"Mlalang'ambawo unasiya kubala, inde, mayi. Koma nyenyezi zomwe unabala zikuwalabe, n'chifukwa chake umaonekera kutali."

Mayiwo anaseka uku akupukuta misozi. "Pakamwa panupo! Tayambani mwandisiya dzanja, ndikatereke tiyi."